Kope la Bambo

Chiswe chinadya chikuto, chinadyanso chaka,
koma mwezi chinausiya: Juni.
Pansi pake pali manambala a bambo,
opendekera kumanzere ngati mapesi okankhidwa ndi mwera.

Anali kalaliki pa esiteti ya fodya
kuseri kwa Tembwe, kumene dambo limagona chagada.
Ntchito yawo inali mabelo ndi ngongole za matenanti,
koma bwana anawaonjezera kagalasi ka mzere wofiira
kopachika pamsomali kuseri kwa ofesi.
M'mamawa, tambala wachiwiri atalira,
ankapita ndi tochi, nakawerenga, nalemba.

Leveni. Teni. Teni. Naini.
Masiku abwino alibe mawu.

Kenaka seveni. Kenaka folo.
Pa twente-filii pensulo inaboola pepala:
ziro, ndi mawu atatu okha,
"Mame auma. Kasiano."

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
ndipo zimene kopeli lasunga kukhosi ndikuzidziwa.
Mayi anatituma kukatenga beseni limene linagona panja,
tinapeza madzi atavala khungu.
Mlongo wanga Benedeta analiswa ndi chala,
natola kachidutswa kuti akaonetse aphunzitsi.
Pofika pamlatho, m'manja munali madzi okhaokha.
Kalasi yonse inamuseka, ati wabodza.

Dambo linayera mbuu ngati wina wamwaza mchere.
Udzu unkalira pouponda.
Dzuwa litakwera, matimati m'dimba anada bii,
kupsa ndi moto umene palibe anauona.
Masamba a nthochi analendewera ngati nsanza,
kholowa anafota,
thole la a Zefaniya analipeza litauma chogwada.
Akulu a mpingo anati ndi chizindikiro,
koma sanagwirizane kuti cha chiyani.

Kasiano anali mlonda wa zigafa.
Chuma chake chinali jekete la chiguduli
ndi mbaula ya chitini cha penti.
Usiku umenewo anailowetsa m'kanyumba kake,
natseka ming'alu yonse ndi zinyenyeswa za fodya.
Anampeza atakhala tsonga,
zikhatho zili pamwamba pa makala ozima.
Mpaka lero sindidziwa chimene chinamtenga,
chisanu, kapena moto umene anathawirako.
Adzukulu anakumba akuuzira mpweya m'manja,
nyimbo zikutuluka m'kamwa ngati utsi.

Ndikapitirira masamba ambiri
zolemba zimayamba kunjenjemera, bambo akukalamba.
Julayi wina: sikisitini, seventini, seventini,
ndipo m'mphepete analemba timawu:
"Chaka chino chisanu chatiiwala."
Tinasangalala, tinagona osafunda.
Mabulangete anachita nguwi m'sutikesi.
Udzudzu unaimba mpaka Ogasiti,
mango anachita maluwa msanga, nayoyoka onse,
anankafumbwe analowa m'nkhokwe osagogoda.
Kufunda sikupha munthu, tinkatero,
koma malungo anatenga ana atatu
pamzere wa nyumba za matenanti,
ndipo m'kope munalibe danga la maina awo.

Esiteti anaigawa kalekale.
Pamene panali ofesi pano pali chigayo,
ndipo msomali uja wina amapachikapo chipewa.

M'mawa uno mwana wanga watsegula foni
ali m'bulangete mpaka m'makutu:
"Naini, ababa! Sikunazizirepo chonchi."
Ndinafuna kumuuza za beseni,
za khungu la madzi, za udzu wolira,
koma ndinaona Benedeta pamlatho paja,
zikhatho zikudontha,
akulumbira kuti chinalipo, chinalipo ndithu.
Ndangompatsa juzi yanga.

Iye atapita kusukulu ndatsegula pa tsiku lija,
ndakweza pepala kuloza kukhomo,
ndaika chala pakabowo ka pensulo.
Mphepo ikudutsabe pamenepo.