Malichero Atatu Pakhoma

Tikambenji anatsika basi ya ku Lusaka
ndi chikwama chimodzi
ndi foni yodzaza nyumba za eni.
Asanamwe n'komwe madzi
anaima pakati pa balaza, manja m'chiuno,
maso akuyenda ngati wogula ng'ombe.
"Amama, chaka chamawa anthu sadzakhalanso chonchi."

Ndinafunsa kuti anthu ake ati.
Anandionetsa pagalasi la foni:
zipinda zayee ngati mwadutsa akuba,
mpando umodzi, kamtengo mumphika,
khoma la mtundu wa phulusa.
Akuti mtundu umenewu umapumitsa mtima.
Ine phulusa ndakhala ndikulitaya kudzala m'mawa uliwonse
zaka makumi anayi muno m'Kapata
osadziwa kuti ndikutaya mpumulo.

Loweruka zinthu zinayamba kutuluka.
Maluwa apulasitiki
amene sanafotepo chichokere tsiku la ukwati wanga.
Tinsalu ta pamitu ya mipando,
tomwe ndinkaluka usiku kuchipatala
odwala akagona.
Kalendala ya ogulitsa feteleza
yomwe ndinaisunga zaka zisanu ndi ziwiri
chifukwa cha chithunzi cha chimanga.
Kabati yagalasi inatuluka chammbali, ikubuula,
anyamata anayi atainyamula ngati maliro,
m'katimo mbale zikugwedezeka
ngati mano a wodwala malungo,
mbale zanga za alendo
zomwe mlendo woyenera sanafikebe kudzadyera.

Yotamu wopaka penti anabwera panjinga,
zigubu ziwiri zikulendewera kumbuyo.
Anayambira kukhomo, akuimba mluzu,
mpaka anafika pamene pankakhala mpando wa a Gelesomu.
Pamenepo pali banga lakuda, kukula kwake chikhatho,
pomwe ankatsamiritsa mutu pomvera mpira pawailesi,
mafuta a m'tsitsi akulowa m'khoma
pang'onopang'ono, Loweruka ndi Loweruka.
Ndinagwira dzanja la Yotamu.
Ndinati, apa pokha lambalala.
Tikambenji anatsegula pakamwa,
anayang'ana bangalo,
natseka.

Lolemba anapita yekha kumsika
nabwera ndi malichero atatu.
Malichero!
Mwana yemweyu ankabisa lichero kuseri kwa chitseko
anzake a kusukulu akabwera kudzacheza,
lero akuti ndiwo akulowa m'fasho,
akuti m'mahotela a ku Mfuwe amawapachika
alendo n'kumawajambula.
Pansi anayala mphasa
pamwamba pa matailosi
omwe ndinagula ndi ndalama za penshoni
kuti ndisiyane nayo mphasa.
Anakhoma misomali itatu.
Lalikulu lija analipachika ndendende
pabanga la atate ake,
iye osanena kanthu, ine osafunsa.

Wabwerera ku Lusaka tsopano.
Ndikatsokomola nyumba imandiyankha.
Koma ndivomere,
kusesa sikuchedwanso,
ndipo masana kuwala kumafika
mpaka pakona pomwe kabati inkabisa akangaude.
Kamtengo ka mumphika katulutsa tsamba latsopano,
ndikumakathirira madzi otsukira mpunga
ngakhale sindikudziwa ngati kadzabala chodya.

Dzulo amake Lekesina anagogoda.
"Ndibwerekeniko lichero, langa makoswe aboola."
Anaima pakhomo, nayang'ana khoma,
nandiyang'ana ine,
naseka mpaka kugwira chitseko.
Ndinatsitsa laling'ono.
Labwerera madzulo likununkhira mtedza,
timakoko titakanirira m'mphepete.
Ndalipachika momwemo.
Mwana akaimba foni
ndimuuza kuti fasho yake ikugwira ntchito.

Lalikulu lija silibwerekedwa.
Usiku ndikakhoma chitseko
ndimalitsitsa, n'kuliika pamphasa,
ndimakokera pafupi mpando umodzi uja,
n'kutsegula wailesi.
Mpira sindiudziwa ine.
Ndimangodikira aja ofotokoza akuwe kuti chalowa,
kenako ndimayang'ana khoma.