Tidzakwera Liti?

Ine miyendo ndili nayo.
Zaka khumi ndi zinayi ndikupalasa kabaza pa Nkhotakota pano,
kuchoka pa depoti kupita kuchipatala,
kuchoka kuchipatala kupita kumsika,
anthu, matumba a mpunga, tsiku lina mbuzi yomangidwa.
Koma konseko n'kuchidikha.
Phiri la Chipata ndimangolionera patali, kuzambwe,
litaima ngati utsi wokana kubalalika.

Anayambitsa nkhaniyi ndi Asiyatu
tsiku limene anamuchotsa chikhakha.
Mwendo unatuluka wowonda ngati bango.
Adokotala anati, "Uziyendatu."
Iye anati, "Mpaka kuti?"
Iwo anaseka, n'kuloza pawindo.
Mwana wanga samva nthabwala.

Ndiye tili pano ndi kalendala ya kuchigayo
ndi bolopeni yotafunidwa kumutu.

Januwale wamudula yekha:
matope, mitsinje yolusa,
udzu wotalika kuposa njovu yobisalamo.
Febuluwale ndi Malichi chimodzimodzi,
komanso ndi miyezi imene m'thumba mumangolowa mphepo.
Meyi ndakana ndine.
Mpunga akamamweta njinga siigona,
ndipo ndalama ya ulendowu idzachokera mommo.
Juni ndi Julaye akana ndi mayi ake:
mwera, chifuwa,
juzi imodzi yomwe manja ake anathawira m'zigongono.
Palinso chitedze.
Twaibu akuti chinamuvula malaya pamaso pa apongozi.
Okutobala dzuwa limaswa mtengo,
madzi a m'botolo n'kusanduka tiyi wopanda masamba.

Watsala Ogasiti, kumapeto kwenikweni,
sukulu isanatsegule,
udzu utagona, mphepo itatopa,
mitengo ikutulutsa masamba ofiira ngati yachita manyazi.
Wazunguliza tsikulo katatu
mpaka pepala kubowoka.

Za kogona ndinakafunsa.
Mnyamata wa tayi ananditchulira mtengo wa loji m'madola,
ine n'kuwerengera pa foni kawiri:
usiku umodzi ndi njinga yanga yonse,
ndi belu lomwe.
Ku resiti hausi ya mumsewu ndinagonako kale,
nsikidzi zakumeneko zimandidziwa dzina.
Koma mlongo wake wa Twaibu anakwatiwa
kufupi ndi mpanda wa nkhalango.
Ali ndi chipinda chosungira mtedza, mphasa ziwiri,
ndi tambala wosaphonya.
Akuti ndalama ayi.
Tibwere ndi shuga, sopo,
ndipo ndiwakonzere amuna awo tcheni
chomwe chakhala chikudumpha chilimwe chonse.

Zotsala ndazilemba kuseri kwa Disembala:
cholowera pachipata,
ya mlonda wa mfuti woyenda patsogolo,
nsapato za pa kaunjika, zazikulu pang'ono tidzaikamo nsanza,
mbatata yootcha, mtedza, mabotolo anayi.
Chitini cha pansi pa bedi chikulira kale,
ngakhale kulira kwake n'kwa makobidi.

M'mawa uliwonse ndisanapope matayala
ndimamuona kuseri kwa nyumba
akukwera chulu n'kutsika, kukwera n'kutsika,
akuwerenga mokweza.
Dzulo anafika makumi atatu ndi kasanu ndi kawiri.
Mwendo wakumanzerewo umachedwabe,
umafika ngati mlendo wosadziwa pokhala.

Njovu sindikuziopa kwenikweni.
Ndikuopa pakati pa phiri,
pamene kumwamba kuli kutali, kumbuyo kulinso kutali,
iye n'kukhala pamwala osayankhula.

Ndinamuuza kuti, "Ukadzatopa ndidzakubereka.
Ndanyamulapo anthu onenepa kukuposa kasanu."
Anandiyang'ana monga amachitira mayi ake
ndikabwera ndi chenje chosakwana.
Anati, "Mukadzandibereka, sitidzawerengera.
Tidzabwereranso chaka chinacho."

Kenako anafunsa ngati tili pamwambapo
chipatala chidzaoneka.
Ndinati kaya, mwina malata ake.
Anati, "Ndikufuna ndidzachione chili chaching'ono."

Usiku uno ndatsegula chitini,
ndawerenga, ndawerenganso.
Zikupereweza pa nsapato.
Mawa ndidzuka ndi mwazini,
ndikadikire basi yoyamba.