Ngongole ya kwa Ndaziona

Malume ake atabwera kuchokera ku Chipata
anamufumbatitsa zikwi khumi zopindapinda,
nati, "Izi n'zako iwe, osati za amako."
Tonse tinaseka pakhonde.
Ine ndinaseka kuposa onse.

Anaziika m'kabotolo kotha mafuta odzola
n'kukabisa kuseri kwa chithunzi cha ukwati wathu.
Ati n'za nsapato zoyera zija za pa Kamwendo,
zolendewera pachingwe tsiku la msika,
zimene amazipatsa moni ndi maso tikamadutsa.

Kenako Febuluwale anatikhalira pakhomo.
Soya akadali maluwa.
Venda amene anatenga mtedza wathu pangongole
foni yake ingoti sakupezeka.
Unyolo wa njinga ya bambo ake unadukira pa Tembwe,
kabaza yaima, lero lachitatu.
Chimanga chilipo, ndowa imodzi, koma chigayo sichidziwa chibale.
Sopo watsala ngati lilime la mphaka,
ndipo kamlongo kake katentha thupi usiku wonse.

Ndinadzuka nkhuku zisanatsike.
Ndinaima pansi pa chithunzi chija,
dzanja lili m'mwamba ngati wolumbira kukhoti.
Linakana kufika.
Kuba n'kuba,
ngakhale mwini wake unam'bala wekha.

Ndiye ndinadikira kuti adzuke,
n'kukhala m'mphepete mwa mphasa yake
mmene ndimakhalira kwa akatapila,
miyendo pamodzi, mawu apansipansi.
"Ndazi, ndikongozeko."

Anatikita m'maso.
"Mubweza liti?"
"Soya akakhwima."
"Munateronso ndi za Khirisimasi."

Mawuwo anandimata ngati chisoso pachitenje,
mpaka pano ndikuthothola.

Sanalire ayi. Bola akanalira.
Anatenga kope la masamu,
natsegula tsamba lakumapeto,
nalemba ndi pensulo yotafunidwa kumutu:
Amayi, zikwi khumi, Lachinayi.
Pamwamba pake panali kale mzere wina,
Amayi, zikwi ziwiri, Disembala,
wopanda chochonga.
"Sainani apa."
Ndinasaina, ine nakubala,
pamaso pa mwana wa sitandade folo.

Dzuwa lisanapendeke zinali zitatha:
unyolo,
chigayo,
mankhwala a mwana pa gulosale ya a Chimtengo,
sopo wodula pakati, mchere wa m'kapepala.
Zotsala ndinamugulira chitumbuwa chimodzi.
Analandira ndi manja awiri, nati zikomo,
nabenthulira mlongo wake,
kenako, akutafuna,
"Ichi ndichotsere pa ngongole ija?"
Bambo ake anatsokomola n'kutuluka panja,
ati akukaona matayala.

Akuluakulu ponena kuti ana ndi chuma
sindikhulupirira kuti ankanena izi.

Inenso ndinali ndi ndalama yanga kale,
kwacha imodzi, mphatso ya ubatizo.
Mayi anga anati, "Bwera nayo ndikusungire."
Akusungabe mpaka lero
pansi pa mitengo ya kumanda ku Mkanda.
Sindinawadandaule.
Komanso sindinaiwale, onani,
zaka makumi atatu, ndikutchulabe kuti inali imodzi.

Dzulo tinadutsanso pamsika.
Nsapato zija zilipo, mphepo ikuzivinitsa,
fumbi layamba kuzifiiritsa kumphuno.
Ndaziona anayang'ana kumbali, kwa ogulitsa tomato,
ngati munthu wopewa mnzake amene anayambana naye.
Ndine amene ndinaziyang'ana.
Ndinafunsa mtengo.
Wakwera ndi mazana asanu.

Tsopano madzulo aliwonse, njinga ikalowa m'nyumba,
ndimapatula kenakake bambo ake asanawerenge,
mazana awiri, nthawi zina limodzi,
n'kuponya m'kabotolo kaja iye atagona.
Ndimayesa sakudziwa.

Koma m'mawa uno, posesa,
ndapeza kope lija lili chotsegula pampando.
Pansi pa dzina langa pali timanambala tating'ono
totsika ngati nyerere pakhoma,
tsiku ndi tsiku, kuchotsera, kuchotsera,
ndipo pambali, ndi zilembo zopendama,
monga amalembera aphunzitsi ake:
Mukuyesetsa. Pitirizani.