Boz Akana Phula

Zaka zinayi zapitazo, chisanu chili pakati,
Boz anaponda pa mtsinje wa Naryn utaundana,
pamwamba pali nyezinyezi ngati galasi.
Tswa! Miyendo yakutsogolo inalowa,
madzi akuda n'kumufika m'khosi.
Tinamukoka ndi zingwe, amuna atatu ndi ine.
Kavalo anatuluka akunjenjemera,
ubweya wa pakamwa utauma gwa ndi ayezi.

Tsopano aika phula pa msewu wa ku At-Bashy.
Usiku kunagwa mvula, m'mawa dzuwa n'kutuluka,
msewu wonse waliwali.
Boz anafika m'mphepete n'kuima nji,
makutu m'mwamba, mphuno zikufwenthera.
Ndinamukwapula, sindikana, kawiri.
Ndinatsika n'kupondaponda phulalo ndi nsapato zanga:
taona, ndi lolimba, malole akudutsa pomwepa!
Iye maso ali pa kunyezimirako basi.
Kwa iye chonyezimira chilichonse
chabisa madzi akuda pansi pake.
Beseni langa lachitsulo amalilambalala,
malata a khola la Kubanych amawayang'ana cham'mbali.

Kubanych anaseka ali pa njinga yake yamoto:
"Jypar, gulitsa chitsirucho, ugule wanzeru."
Ndinaseka naye. Kenako ndinakumbukira foni.

Inalira thu koloko usiku,
chaka chomwe tinagulitsa ng'ombe yofiira.
Mawu achilendo, ochokera ku Moscow:
amuna anu agwa pa nyumba yomwe amamanga.
Kuchokera apo, foni ikalira kutada
mawondo anga amasanduka madzi.
Ndimangoiyang'ana ikuwala patebulo,
dzanja likukana ngati Boz m'mphepete mwa msewu.
Nthawi zambiri amakhala mkulu wanga, tulo tamuthawa,
kapena chidakwa chasokoneza nambala.
Ulendo wina anali Nurbolot, mwana wanga, ali wefuwefu:
"Amayi, wabadwa, ndi wamkazi!"
Ndinayamba ndalira kaye za maliro,
chimwemwe chinafika pambuyo
ngati mlendo wopeza tiyi atazizira.

Anatiphunzitsa ndani kuwerenga kotereku,
kuti kamodzi ndiye nthawi zonse?
Mdzukulu wangayo anagwira mbaula tsiku lina.
Lero chilichonse chakuda amati "moto",
ngakhale wailesi, ngakhale nsapato za bambo ake.
Timamuseka.
Koma mbaula ya kwa Kubanych, yobiriwira, yamtundu wina,
yomwe anali asanaionepo,
anaizungulira patali, timanja tili kumbuyo,
popanda womuuza.

Malichi wapitayu ndikutsika kumapiri ndi nkhosa
ndinafuna kudula njira pa dambo lokutidwa ndi chipale.
Panalibe chonyezimira. Poyera mbee, posalala bwino.
Boz anakananso.
Ndinatukwana makolo ake onse mpaka agogo.
Nkhosa ina yaliuma inatsogola,
mapazi khumi, kenako chubwi, kutsala mutu wokha.
Sindidziwa chomwe iye anamva,
kaya fungo la madzi,
kaya kulira kwa pansi kunsi kwa ziboda zake
kofanana ndi kwa tsiku lija.
Nkhosayo sindinaipulumutse.

Ndiye chikwapu ndinachipachika.
Tikafika pa msewu ndimavula mpango wanga,
ndimamuphimba kumaso, chingwe ndagwira pafupi,
timawoloka, ziboda kho, kho, kho pa phula,
iye akutsata fungo la malaya anga.
Tsiku lina mpango unagwa tili pakati,
anapitirira osadziwa kuti wapambana.
Mawa lake anakananso.
Dzulo anaponda ndi mwendo umodzi,
ananunkhiza, n'kuubweza.

Usiku uno foni ili patebulo, moto wodzaza.
Nurbolot ali pa ulendo ndi lole, kudutsa m'mapiri.
Ikalira ndiwerenga mpaka katatu,
ndipukuta manja pa chovala,
kenako ndiyankha.