Mbale Nambala 47

Dothi ndinakalitapa ku Chongwe ndi supuni yowiritsa,
m'munda wa mtedza wa mayi wina
amene anandifunsa ngati ndabwera kudzalodza mbewu zake.
Ndinakwera nalo minibasi, lili m'kathumba,
kondakitala akukuwa Kalingalinga! Kalingalinga!
osadziwa kuti wanyamula mabiliyoni osalipira.

Mu labotale simugwa mvula.
Muli firiji yong'ung'udza, fungo la spiriti,
ndi a Njobvu otsuka magalasi,
amene amati ine ndimaweta fumbi.

Mabakiteriya ndinawapatula, mtundu uliwonse mbale yake,
chakudya chonona, kutentha koyeza,
ulemu umene sanauonepo pansi pa khasu.
Anakula, inde. Anatuwa ngati ufa wotayika.
Koma anangoti zii.
Masabata asanu ndi awiri makina akulemba mzere wogona,
ine ndikulemba m'kope: palibe, palibe, palibe.

Lachinayi lina magetsi anathima.
Ndikugwira ntchito ndi tochi ya foni kukamwa
dzanja linaphonya,
mitundu iwiri inagwera m'mbale imodzi.
Ndinatukwana. Sindinaitaye, ulesi chabe.

Lolemba ndinapeza malire.
Wa kumanzere watulutsa madzi ofiira ngati katondo,
wa kumanja wabwerera chambuyo,
pakati pasiyidwa kanjira koyera, kopanda kanthu,
kopingasa mamilimita anayi.
Makina amene anagona masabata onse aja
anadzuka, nalemba mapiri.

Kali kokha n'kanyama, anatero a Njobvu
akusuzumira paphewa langa, manja ali thovu.
Kodi akupatsana moni kapena akutukwanizana?
Sindikudziwa, bambo.
Mwina kwa iwo ndi mawu amodzi.

Nditavundukula mbale ija
munatuluka fungo la mvula yoyamba,
mu Okutobala, kunja jakaranda akuyoyoka pa phula lotentha,
kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.
A Njobvu anatseka maso. Katete, anatero,
ndipo anabwerera ku sinki.

Usiku kunyumba, Zelipa wa khomo loyandikana
watsekanso mpopi ndi loko wake.
Chaka chathunthu tikulimbana, ine ndi iye.
Ndinaima ndi ndowa mumdima,
mawu ofiira akusonkhana pakhosi,
ndipo ndinayeza ndi maso kanjira ka pakati pa makomo athu,
pamene sipamera ngakhale udzu.
Kenaka ndinagogoda.