Nthambi za Msangu pa Thabwa

Iwe Zuze, siya pampuyo, tamvera.
Zaka khumi ndi zinayi ndikumata matayala pano,
khutu langa limaidziwa galimoto yokanidwa ndi mabuleki
isanatulukire n'komwe pakona yomaliza ija.

Ukamva chiphokosocho usathamange manja ali kunkhongo.
Kulira n'kwa mawa.
Thyola nthambi za msangu, minga ikubaye, zilibe kanthu,
ukaziyale kutali, kumtunda uko,
pakuti m'mbuyomo mukutsika thiraki ina ya ku Nchalo
ndipo nayo ilibe maso apakona.

Zimitsa injini.
Petulo akamanunkha patala wotentha wa Okutobala,
wosuta fodya, angakhale malume ako, m'thamangitse.

Amene akukuwa ali nawo mpweya.
Yamba ndi amene ali ziii.
Pomwe pakutuluka magazi finyapo ndi malaya akowo,
usamasuzumire ngati mphika,
finya basi, mpaka mikono ichite dzanzi.
Adzapempha madzi, ndi dzuwa la kunoli adzapempha ndithu.
Nyowetsa milomo yokha.
Akutukwane, udzamva bwino akutukwana.

Tsono khosi, Zuze. Khosi.
Inali minibasi yoyera, Lachinayi,
matimati a ku Bvumbwe ali mbwee mumsewu.
Mayi Esinta Alufandika anali pampando wachiwiri,
maso ali gwa, akuti mwendo sakuumva.
Tinawakoka m'khwapa, anthu atatu, ndi mtima wabwino,
tinawapinda ngati thumba la thonje
kuti akwane mupikapu.
Lero amagulitsa machesi pa Ngabu ali panjinga ya olumala.
Ndikadutsa amandiitana, amati, "Mpulumutsi wanga uyo,"
n'kundininkha sopo.
Ndimalandira. Ndikanene chiyani?

N'chifukwa chake chitseko chakale chija sindigulitsa.
Wotero mum'goneke pamenepo, mutu ndi msana mzere umodzi,
anthu anayi, wachisanu agwire mutu,
osauleka mpaka pachipata cha chipatala ku Chikwawa.

Dalaivala akatuluka wamoyo, anthu adzatola miyala.
M'lowetse mushedi mwathu, kumbuyo kwa matayala.
Mlandu uli ndi eni ake, ali pomwepa parodibuloko,
tuma mwana akawaitane.
Nambala ya galimoto ulembe ngakhale pakatoni,
mutu umataya zinthu ukaona magazi.

Katundu womwazika si mwayi wako.
Nsapato imodzi, chikwama, kaphukusi ka mankhwala,
unjika pamodzi, ukhalepo.
Foni ikalira m'thumba la munthu amene wafunditsidwa chitenje,
usaiyankhe uli wefuwefu.
Khala pansi kaye. Funsa dzina la amene waimbayo.
Funsa ngati ali ndi wina pafupi.

Onse akapita, kachotse nthambi zija.
Ambiri amaiwala,
zimauma pamsewu sabata yonse, mbuzi n'kumadya,
madalaivala n'kuzolowera kuti nthambi ndi bodza.

Ukatero usambe m'manja.
Tiyi sadzatsika tsiku limenelo, usam'kakamize.

Chabwino, tenga pampu.
Tayala la a Nyamizinga likudikira.