Chigamba

Lero kubwera wojambula kusukulu.
Ndalama yake ndinalipira kale,
thukuta la maulendo asanu
kuchoka ku Kapata kukatula ku Mchini.
Koma iwe, Zelipa, wadzuka ndi mutu,
mutu wopanda kutentha thupi,
wakokera duku la amako mpaka m'diso
ngati mkazi wamasiye wa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Amanditcha Chigamba," watero,
ukuwerenga zala za kumapazi.
"Anayamba ndi mwana wa a Sakala.
Tsopano ndi onse."

Lilime la wopalasa njinga
limadziwa kukangana za mtengo basi.
Ndikanati ndi nsanje chabe, ukanandigwira bodza.
Ndikanati sichioneka, maso uli nawo.
Chilipo.
Chiyambira pansi pa khutu,
chitsika ndi tsaya lamanzere,
chosalala, chonyezimira dzuwa likawomba.

Ndiye ndagadamitsa njinga pakhomo.
Bwera, gwira sipanala.
Solola chubu. Werenga.
Ichi ndi msomali wa pamsewu wa ku Lundazi.
Ichi ndi minga ya ku Lutembwe.
Ichi, botolo la chidakwa china.
Chachikuluchi ndi cha usiku uja.

Iwe sungakumbuke, unali wokwawa.
Ketulo inapendekeka pambaula.
Amako pakaliyala, iwe m'chitenje,
tayala linaphulika tisanaone nyali za chipatala.
Njinga ndinaisiya m'ngalande,
ndinathamanga nawe phazi limodzi lopanda patapata.
Masabata atatu tikugona pabenchi.
Khungu lako linadzisoka lokha, pang'onopang'ono,
popanda ulusi, popanda guluu.

Mwanawe, palibe womata chigamba
pa chinthu choti akataye kudzala.
Chigamba chimapita pamene mwini wati:
ichi ayi, ichi sinditaya.

Wandiyang'ana ngati wowerenga chenji.
"Koma chubu chimabisala m'tayala, atate."

Ha!
Wandigwetsa pamchenga, mwana iwe.
Ndinaukonza usiku wonse mwambi umenewu.
Ndaseka, nawenso kaseko kakupulumuka
ngati mpweya wa pavavu.

Chabwino. Tenga galasi la njingali,
lang'aluka pakona koma silinama.
Undiuze zonse zili m'menemo, usadumphe.
"Mphuno."
Ya ndani?
"Yanu. Yaikulu."
Pepa. Pitiriza.
"Nsidze za amama akakwiya.
Dzino logwedera.
Makutu."
Makutu amene amamva shuga akutsegulidwa
iwe uli kwa aneba. China?
Wakhala chete. Wakankha duku ndi chala.
"Ndi chigamba."
Inde, ndi chigamba.
Chabwera chachisanu pamzere
ndipo ndiwe wachiika pamenepo, si ine.

Sindikulonjeza kuti aleka.
Pakamwa pa ana mulibe mabuleki.
Akakuitana, ukafuna yankha, ukafuna pitirira.
Ukafuna kulira, dzalirire pamsana panga,
malayawa anazolowera kunyowa.

Kwera.
Tatsetsereka mapiri a Kanjala ali kumbuyo,
mphepo yakutsomphola duku.
Waligwira m'malere.
Ndamva ukulipinda, ndamva zipi ya chikwama.
Sindinacheuke.
Ndangoliza belu popanda wotchinga njira.

Pageti wandikoka lamba:
"Nanga akamajambula, nditembenukire kuti?"
Monga panjinga, mwanangu.
Kutsogolo.

Chithunzicho chabwera patatha sabata.
Sunamwetulire, tisaname.
Chibwano m'mwamba, kolala yopindika,
nsidze za amako zili pantchito,
tsaya lonse pambalambanda.
Ndachikuta m'pulasitiki ya shuga,
ndachimanga ndi mphira pahandulo.

Okwera amasuzumira paphewa langa:
"Mwana wanu? Anatani kumasoku?"
Ndimati: akutha mano, dzino likugwedera.
Gwiritsani, kutsogoloku kuli mabampu.